Kulondera PBR pa ma tunnel: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene anzanga osamalira manetiweki amandifunsa kawirikawiri, makamaka amene ali ndi likulu ndi nthambi zingapo zolumikizidwa ndi tunnel, njira yapadera imene marauta awiri amapanga kudutsa pa intaneti. Ena ndawayankha mwachidule. Ena ndatalikitsa dala, chifukwa ndi pomwe ambirife timapunthwa.

PBR n'chiyani?

Rauta wamba imafunsa funso limodzi lokha: paketiyi ikupita kuti? Ikapeza adiresiyo m'tebulo la njira, imaitumiza basi. PBR, chidule cha policy-based routing, imalola rauta kufunsanso zina: paketiyi yachokera kwa ndani, yalowera pa interface (khomo la rauta) iti, ndi ya port yanji, ili ndi chizindikiro chanji. Mungalamule kuti makompyuta a ofesi ya zachuma, a 10.20.5.0/24, azidutsa mu tunnel yopita ku likulu, pamene mafoni a alendo a pa Wi-Fi azitulukira pa intaneti ya pomwepo.

Dzina limasintha malinga ndi wopanga. Cisco amati PBR ndipo imalembedwa ndi route-map. Palo Alto amati PBF, Juniper amati filter-based forwarding, FortiGate amati policy route. Pa Linux ndi `ip rule`, yomwe yakhalapo kuyambira kernel 2.2 ya mu 1999.

Tunnel ikuonetsa kuti ili "up". Nanga vuto lili pati?

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tunnel si waya. Waya ukaduka, nyali ya pa port imazima ndipo rauta imadziwa nthawi yomweyo. Tunnel ndi pangano chabe la pakati pa marauta awiri, loti uyu azikuta mapaketi, uyo azivundukula. Mbali imodzi ikafa, inayo imapitiriza kukuta n'kumaponya kunja osadziwa kuti kulibe wolandira.

Pa Cisco, tunnel ya GRE imakhala up/up malinga ngati interface yomwe yachokera ili yamoyo ndipo m'tebulo muli njira yopita ku adiresi ya tsidya linalo. Njira ya default yokha imakwanira. Rauta ya tsidya linalo itha kukhala yozima, yanu ikunenabe kuti zonse zili bwino. Pa Linux, GRE ndi WireGuard (mtundu winanso wa tunnel) zimangoonetsa UNKNOWN, kaya zili moyo kaya zafa.

Zinandichitikira m'mawa wina. Ku likulu magetsi anazima usiku, batire inatha, ndipo atayakanso rauta ya kumeneko inadzuka koma intaneti yake ayi. Kunthambi, bolodi lathu loonera zinthu linali lobiriwira lonse. Foni inalira: "Achimwene, sisitimu sikutseguka." Ine n'kuyankha kuti ayambitsenso kompyuta, poti kwa ine zonse zinkaoneka bwino. Anaimbanso kachiwiri, kenako anaimba abwana awo. Lamulo la PBR linkagwira ntchito yake mokhulupirika, kutenga mapaketi onse a ofesi ya zachuma n'kumawathira mu tunnel yakufa. Njira ina yopita ku likulu inalipo, yamoyo, koma PBR imayang'anidwa tebulo la masiku onse lisanafunsidwe, ndiye palibe paketi inafikako.

Ndiye ndilondere chiyani kwenikweni?

Zinthu zitatu, ndipo chilichonse chimatha kuwonongeka pachokha. Choyamba, kodi tunnel ikudutsitsa mapaketi mbali zonse ziwiri? Chachiwiri, kodi lamulo likadalipo, ndipo likugwira mapaketi amene munafuna? Chachitatu, kodi mapaketi a anthuwo akutulukiradi mu tunnel, kapena apeza potulukira pena? Ambiri amalondera choyamba chokha. Chachitatu ndi chimene sichiliza foni, chifukwa mapaketi akathawira njira ina anthu amagwirabe ntchito, ndipo mumadzadziwa mochedwa.

Ndikapinga kuchokera pa rauta zikuyenda, koma anthu akudandaulabe. Zikutheka bwanji?

Chifukwa ping yanuyo, kapaketi koyesera ngati mbali inayo ikuyankha, sinadutse njira ya anthuwo. Apa ndi pomwe ndikufuna mukhalitse pang'ono.

Pa Cisco, `ip policy route-map` imaikidwa pa interface yomwe mapaketi amalowera, ndipo imangokhudza mapaketi odutsa. Paketi yobadwira pa rauta yomweyo siikhudzidwa pokhapokha mutaikanso `ip local policy route-map`. Pa Palo Alto ndi chimodzimodzi: PBF siigwira mapaketi ochokera pa firewall yeniyeniyo. Choncho ping ya pa rauta imatsata tebulo wamba, n'kubwera ndi nkhani yabwino yokhudza msewu umene anthu sakuyendamo.

Pa Linux n'zosiyanako pang'ono. Mapaketi obadwira pa makinawo amadutsanso mu `ip rule`, koma lamulo lonena `iif eth1` siliwagwira, poti sanalowere pa eth1. Ngati mumaika chizindikiro mu prerouting (gawo la firewall ya Linux la mapaketi olowa), nachonso sichiwafikira, chifukwa iwo amadutsa mu gawo lina, la output. Samalaninso ndi `-I` ya ping. Mukalemba `ping -I gre1` mwakankhira paketi mu tunnel ndi manja anu, ndiye mwayesa tunnel yokha, lamulo simunaliyese. Mukalemba `ping -I 10.20.5.1` mwangosankha adiresi yochokera, ndipo lamulo la `from` ndi limene liti lisankhe njira. Zonse ziwiri n'zothandiza, koma zikuyankha mafunso osiyana.

Chimene ndimachita ine n'kuika kakompyuta kakang'ono, ngakhale Raspberry Pi, mu VLAN (kagawo ka netiweki) yomweyo ya anthuwo, kokhala ndi adiresi ya m'gulu lomwelo la maadiresi awo. Kamapinga seva ya ku likulu ndi kutsegula tsamba limodzi mphindi iliyonse. Kakalephera iko, anthunso alephera. Sikanandinamizepo.

Pa Linux, ndingaone bwanji lamulo limene paketi igwere?

Yambani ndi `ip rule show`. Makina osakhudzidwa amakhala ndi malamulo atatu: 0 wa tebulo la local, 32766 wa main ndi 32767 wa default. Anuwo amalowa pakati, ndipo amawerengedwa kuyambira nambala yaing'ono. Kenako funsani kernel mwachindunji:

`ip route get 10.1.0.10 from 10.20.5.17 iif eth1`

Yankho limatchula interface ndi tebulo. Mukaona `dev gre1 table 100`, kutanthauza tunnel ya gre1 ndi tebulo 100 lomwe mwaikamo njira ya tunnel, zili bwino. Ngati lamulo lanu limadalira chizindikiro, onjezani `mark 100` kumapeto. Mzere umenewu mutha kuuika mu kasikiripiti koti Zabbix kapena pulogalamu ina yolondera izikayendetsa, n'kuliza belu yankho likasintha. `ip monitor rule route link` imakuonetsani zosintha pamene zikuchitika, ndipo ndi bwino kuzisunga mu fayilo.

`ip rule` ilibe chowerengera mapaketi. Chowerengera mudzipangire nokha mu nftables, firewall ya Linux, pa forward (gawo la mapaketi odutsa): china cha mapaketi ochokera 10.20.5.0/24 otulukira pa gre1, china cha mapaketi omwewo otulukira pa interface ya intaneti. Chachiwiricho chiyenera kukhala pa 0 nthawi zonse. Chikangosuntha, pali pobowoka. M'zonse zimene ndimalondera, ichi ndi chimene ndimachikhulupirira kwambiri.

Tunnel ikagwa, mapaketi amapita kuti?

Zimatengera mmene yagwera. Ikafa m'kati koma interface ikadali chiimire, mapaketi amatayikira momwemo, monga zinandichitikira zija. Interface ikatsitsidwa kapena kuchotsedwa, Linux imafufuta njira zonse zodutsa pamenepo, m'matebulo onse, ndipo ikabwerera njira zolemba pamanja sizibwerera zokha. Tebulo 100 limatsala lopanda kanthu. Lamulo likatumiza paketi ku tebulo lopanda yankho, kernel siidandaula, imangopita ku lamulo lotsatira, mpaka ku main. Mapaketi amene munalumbira kuti azidutsa mobisika akutulukira pa intaneti wamba, ndipo palibe amene waimba foni.

Ngati simukufuna zimenezi, tsekani pansi pa tebulo:

`ip route add unreachable default table 100 metric 4000`

Njira ya tunnel ikakhalapo imapambana chifukwa metric yake ndi yaing'ono. Ikasowa, paketi imakanidwa poyera, anthu amadandaula, inu mumadziwa. Pa MikroTik nkhani yake ndi yomweyi: `lookup` imalola paketi kutsikira ku main, `lookup-only-in-table` siilola.

Chabwino ndi chiti, kukana kapena kulambalala? Funsani eni ntchito, musawasankhire. Mapaketi a malipiro ndi bwino aime kusiyana n'kuyenda poyera. A imelo wamba atha kudutsa njira ina.

Pali kachinthu kenanso: systemd-networkd imatha kuchotsa malamulo amene sinaike yokha ikamakonzanso ma interface. Ngati malamulo anu amasowa modabwitsa, yang'anani `ManageForeignRoutingPolicyRules` mu networkd.conf, kapena lembani malamulowo m'mafayilo ake omwe.

Pa Cisco ndingapange bwanji kuti PBR izidziwa yokha kuti tunnel yafa?

Mangani zinthu zitatu pamodzi. IP SLA imapinga tsidya linalo, track imasunga yankho, ndipo route-map imafunsa track isanatumize paketi.

`ip sla 1`
`icmp-echo 172.16.0.2 source-interface Tunnel0`
`frequency 10`
`ip sla schedule 1 life forever start-time now`
`track 1 ip sla 1 reachability`

Mu route-map mulembe `set ip next-hop verify-availability 172.16.0.2 10 track 1`. Track ikagwa, adiresiyo imadumphidwa, ndipo pakapanda ina pamndandanda paketi imatsata tebulo wamba. Ambiri amaiwala mzere wa `schedule`. SLA imakhala yolembedwa bwinobwino koma sinayambe n'komwe.

Poona mmene zilili, `show ip policy` imasonyeza interface iliyonse ndi route-map yake, `show route-map` imasonyeza mapaketi ndi mabayiti ogwidwa, `show track` imasonyeza pamene zinasintha komaliza. Pa masiwichi amene amatumiza mapaketi ndi hardware, manambala a route-map amatha kukhala ochepa kapena osasuntha ngakhale lamulo likugwira, choncho musamawadalire okha. `debug ip policy` isamatsegulidwe pa rauta yotanganidwa popanda ACL (mndandanda wosefa mapaketi) yochepetsa zimene ikulemba.

Bwanji osangotsegula keepalive ya GRE?

Tsegulani, imathandiza. Pa Cisco `keepalive 10 3` imatumiza kapaketi masekondi 10 alionse, ndipo katatu kakapanda kubwerera tunnel imatsitsidwa. Koma siigwira pa tunnel yokhala ndi `tunnel protection` (yobisa mapaketi ndi IPsec), ndiponso siigwira pa mGRE (GRE yolumikiza marauta ambiri). Kernel ya Linux nayo siitumiza keepalive ya GRE yokha. Pa IPsec pali DPD, yomwe imangotsimikiza kuti rauta imene mumapangana nayo makiyi (IKE) ikuyankha. Zonsezi zimathera pa rauta ya tsidya linalo, sizidziwa za kuseri kwake.

Nanga pa Palo Alto, FortiGate ndi MikroTik?

Pa Palo Alto lamulo la PBF lili ndi gawo la Monitor, pomwe mumasankha profile ndi adiresi yoti izipingidwa. Profile yobwera nayo imapinga masekondi 3 alionse ndipo imagamula pakalephereka kasanu. Msampha wake ndi uwu: tunnel ya IPsec imagwira ntchito popanda adiresi pa interface yake, ndiye ambiri saipatsa. Koma ping yolondera imafuna adiresi yochokera. Ipatseni adiresi, ndipo onetsetsani kuti tsidya linalo lili ndi njira yobwezera yankho mu tunnel momwemo, komanso kuti adiresiyo ikulolezedwa mu proxy ID ngati mukuzigwiritsa ntchito. Mukapanda kutero, firewall imaona ngati tunnel yafa pamene ili moyo. Kusiyana kwa wait-recover ndi fail-over, zosankha ziwiri za mu profile, kuli pa kulumikizana kumene kunayamba kale: koyambako kumakusiya kukudikira tunnel, kwachiwiriko kumakusamutsira ku tebulo wamba. `show pbf rule all` imasonyeza mmene lamulo lililonse lilili, ndipo `test pbf-policy-match` imakuuzani lamulo limene paketi igwere.

Pa FortiGate ntchitoyi imagwiridwa ndi link-monitor, ndipo `diagnose firewall proute list` imasonyeza kangati lamulo lagwidwa. Pa MikroTik, `check-gateway=ping` imapinga masekondi 10 alionse ndipo ikalephera kawiri njirayo imaleka kugwiritsidwa ntchito. Chenjerani ndi FastTrack, njira yachidule yofulumizitsa mapaketi: mapaketi ake amalambalala mangle, pomwe chizindikiro chimaikidwa, ndiye paketi yoyamba imalandira chizindikiro, otsatira ake n'kusochera.

Ndizipinga adiresi iti?

Ziwiri, pa zifukwa ziwiri. Adiresi ya m'kati mwa tunnel ya tsidya linalo ndi yoti rauta izigamulira kusintha njira. Seva yeniyeni imene anthu amafuna ndi yoti izikudzutsani inuyo. Mukamangirira kusintha njira pa seva imodzi, tsiku limene sevayo idzazimitsidwe kuti aikonze, nthambi yonse idzasamuka popanda chifukwa.

Musapinge adiresi ya kunja ya rauta inayo, chifukwa imayankha ngakhale tunnel itafa. Ndipo onetsetsani kuti ping yolondera ilibe njira ina yofikira. Ikakhala nayo, zimachitika motere: tunnel yafa, njira yasintha, ping yadutsira njira yatsopanoyo n'kuyankhidwa, rauta yaganiza kuti tunnel yachira, yabwerera, yagwanso. Tsiku lonse kumangopita ndi kubwera.

Ndizipinga pafupipafupi bwanji?

Zimatengera chimene chanyamula tunnel. Pa fiber mutha kufulumira. BFD, njira yoti marauta azifufuzana mwachangu ya mu RFC 5880 ya 2010, imazindikira kuduka sekondi isanathe, ngati marauta onse awiri akuidziwa. Koma nthambi zathu zambiri zimadalira netiweki ya mafoni, yomwe madzulo anthu akachuluka imachedwa ndi kutaya mapaketi apa ndi apo. Mukaika malire othina pamenepo, njira imasintha kambirimbiri pa ola, ndipo kusintha kulikonse kumadula anthu zimene amachita. Ine ndimalola kulephera kangapo motsatizana ndisanagamule kuti yafa, ndipo ndimachedwetsa kwambiri kubwerera. Pa Cisco ndi `delay down 15 up 60` pansi pa track. Tunnel imene yangodzuka kumene sindifulumira kuisenzetsa katundu.

WireGuard ilibe "up" kapena "down". Ndiilondere bwanji?

Yang'anani `wg show wg0 latest-handshakes`. Mapaketi akamayenda, mbali ziwirizi zimapangana makiyi atsopano pakatha masekondi 120, ndipo akale amakanidwa pakatha 180. Choncho nthawi yochokera pamene zinapangana makiyi komaliza ikapitirira mphindi zitatu, pali vuto. Koma WireGuard imakhala chete ikasowa chonyamula, ndiye usiku ofesi itatsekedwa nambalayo imakula popanda cholakwika. Ikani `PersistentKeepalive = 25` kuti nambalayo ikhale ndi tanthauzo.

Dziwaninso kuti wg-quick imadziikira malamulo akeake mukalemba 0.0.0.0/0 mu AllowedIPs. Imapanga tebulo 51820 ndi chizindikiro cha nambala yomweyo, ndipo malamulowo amatha kulowa patsogolo pa anu. Ngati PBR mukuiyendetsa nokha, lembani `Table = off`. AllowedIPs nayo ndi sefa: PBR itha kutumiza paketi ku wg0 molondola, koma adiresi yake ikapanda kukhala pamndandanda, paketiyo imathera pomwepo.

Ping ikuyenda, koma masamba ena amangozungulira osatseguka.

Ndi MTU, malire a kukula kwa paketi, pafupifupi nthawi zonse. GRE imadya mabayiti 24, kusiya 1476 pa 1500. wg-quick imaika 1420. Ping wamba ndi kapaketi kakang'ono, kamadutsa paliponse. Yesani ndi yaikulu yosaloledwa kugawidwa: `ping -M do -s 1448` pa GRE, `-s 1392` pa WireGuard. Ikalephera pamene yaing'ono ikuyenda, mwapeza. Mankhwala ake ndi kuchepetsa MSS (malire a katundu wa paketi ya TCP), 1436 pa GRE ndi 1380 pa WireGuard ya IPv4, ndi kusatsekereza ICMP ya mtundu 3 khodi 4. Pa GRE yokutidwa ndi IPsec, ambiri amaika MTU 1400 ndi MSS 1360. Mwa zolondera zanu pakhale ping imodzi yaikulu chonchi.

Mapaketi akupita koma mayankho sakubwera.

PBR imalamulira ulendo wopita wokha. Wobwerera uli m'manja mwa rauta ya tsidya linalo, yomwe siidziwa za lamulo lanu. Tsegulani mawindo awiri, `tcpdump -ni gre1` ndi `tcpdump -ni eth0`. Yankho likabwerera pa eth0, vuto lili ku likulu, ndipo firewall iliyonse ya pakati imene inangoona theka la nkhani imalitaya. Likaoneka pa gre1 koma osafika kwa munthu, kayikirani `rp_filter`. Ikakhala pa 1, Linux imataya paketi yolowera pa interface imene iyo siikanayankhirapo. Tsegulani `log_martians` muone, kapena werengani IPReversePathFilter mu `nstat`. Kuika `rp_filter` pa 2 kumafewetsa. Ngati malamulo anu amadalira chizindikiro, `src_valid_mark` ikhale pa 1.

Ma graph a SNMP amathandiza?

SNMP ndi njira yowerengera manambala a pa rauta, ndipo ma graph ake amathandiza mukawaika moyandikana. Jambulani tunnel ndi interface ya intaneti pa chithunzi chimodzi. Mzere wa tunnel ukatsika pamene winawo sunasinthe, mapaketi apeza njira ina. Mukaona zotuluka zilipo koma zolowa zili pa 0, tsidya linalo lafa. `ifOperStatus` musaiwerengere, pa zifukwa tanena kale. Gwiritsani `ifHCInOctets` ndi `ifHCOutOctets` za mabiti 64, poti za mabiti 32 zimadzaza n'kuyambiranso pasanathe mphindi 6 pa liwiro la 100 Mbps. Ma tunnel amathanso kusintha ifIndex rauta ikayambiranso, graph n'kuyamba kujambula interface ina inu osadziwa. Pa Cisco `snmp-server ifindex persist` imathetsa zimenezo. Amene ali ndi NetFlow kapena IPFIX ali pabwino, chifukwa imatchula adiresi iliyonse ndi interface imene yatulukira.

Uthenga wochenjeza usamadutse mu tunnel yomwe ukuilondera. Ndinaonapo seva yolondera ili kunthambi, imelo yake ikudutsira ku likulu. Mauthenga onse onena kuti tunnel yafa anafika pamodzi, tunnel itachira.

Ndidziwa bwanji kuti zonsezi zikugwiradi?

Iduleni tunnel dala. Sankhani Loweruka masana, uzani eni ofesi, ndipo musatsitse tunnel ndi `shutdown`, chifukwa kumeneko ndi kufa kosavuta kumene rauta iliyonse imakuona. Tsekerezani panjira: protocol 47 ngati ndi GRE, protocol 50 ndi UDP 500 ndi 4500 ngati ndi IPsec, port ya UDP imene munasankha ngati ndi WireGuard. Interface itsale chiimire monga imachitira pa tsiku la vuto lenileni. Gwirani wotchi, muwerenge masekondi mpaka track itagwa, mpaka kakompyuta ka mu VLAN kaja katayambanso kufika ku seva, mpaka foni yanu italira. Yang'anani chowerengera chachiwiri chija ngati chasuntha. Kenako chotsani chotchingacho muone ngati mapaketi abwerera okha mu tunnel, chifukwa kulumikizana kumene kunasamukira njira ina nthawi zina kumakakamira komweko mpaka mutakufufuta ndi `conntrack -D` kapena `clear session`. Manambala mwapezawo alembeni pansi, ndipo mudzabwerezenso mukadzasintha firmware.